Funsani Aphunzitsi: Mwana wanga sakamba za sukulu, ndi agalu okhaokha

Aphunzitsi,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala m'kamudzi kena m'dera la Norfolk ku England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Tinabwera kuno zaka 4 zapitazo. Mwana wanga woyamba ndi wamwamuna, ali ndi zaka 13, ali Year 9. Masamu sakumuyendera, makamaka mafulakishoni, ndipo aphunzitsi ake a Chingerezi akuti akamupatsa nkhani yoti alembe amangolemba mizere isanu n'kuika cholembera pansi. Koma mumufunse za agalu! Pafupi ndi nyumba yathu pali bambo ena achikulire, ali ndi ma Labrador atatu ndi spaniel mmodzi. Nyengo yosaka ikafika amapita nawo ku esiteti kukatola mbalame zimene alenje awombera. Mwanayu Loweruka lililonse amakhala ali komweko, kuthandiza kuphunzitsa agaluwo. Amadziwa makolo a galu aliyense mpaka agogo ake. Ine kwathu galu ndi mlonda wogona panja, ndipo sindinawoloke nyanja kuti mwana azikathamanga ndi agalu m'thengo. Kodi ndimuletse mpaka magiredi akwere? Achemwali anga akuti ndizimuphunzitsira pa agalu omwewo, koma ine masamu ndinasiyira Folomu 4, ndiyambira pati? Komanso za mfuti zija zimandisowetsa mtendere.

Mayi wodera nkhawa, Norfolk

Mayi, musamuletse. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndi amene mukudikira kumva, zifukwa zake zikubwera.

Zaka zambiri zapitazo, ndikuphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera m'chigawo chapakati, ndinali ndi mnyamata wa Folomu 2 amene ankakhala kumbuyo kwenikweni, maso ali pansi pa desiki. Tsiku lina ndinamulanda chimene ankayang'anacho. Linali kope lakale lothothoka chikuto. Ndinakaliponya m'kabati ya m'chipinda cha aphunzitsi osalitsegula, ndipo ndinadzalitsegula teremu itatha, mwini wake atasiya kale sukulu. Munali nkhunda zake. Iliyonse anaipatsa dzina. Ankalemba tsiku limene yaikira dzira loyamba, tsiku la dzira lachiwiri, tsiku limene mazira aswa, maunda angati akula, angati afa, ndi chimene afera. Pansi pa tsamba lina analemba kuti mazira amaswa pa masiku 18, koma nthawi zina 17 kapena 19, ndipo anajambula timizere tosonyeza kuti nambala iliyonse yachitika kangati. Teremu yomweyo ine ndinkaphunzitsa ma frequency table, ndipo mwanayo ndinamupatsa 22 pa 100. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa. Masamu anali nawo m'manja, amene analephera kuwaona ndine.

Pambuyo pake ndinakaphunzitsa zaka 6 ku North Yorkshire, komwe ana ena a m'kalasi mwanga ankapita Loweruka kukathandiza kuvumbulutsa mbalame m'maesiteti, choncho agalu mukunenawa ndimawadziwa. Kwa owerenga amene sanawaonepo: si agalu a uzimba aja othamangitsa kalulu mpaka kumugwira. Awa sagwira nyama. Ma pointer ndi ma setter akanunkhiza mbalame amaima chilili, mphuno italoza komwe yabisala. Ma spaniel amalowa m'ziyangoyango kukaivumbulutsa kuti iuluke. Ma retriever, monga Labrador, amakhala phee mpaka atatumidwa, kenako amakatola mbalame yagwayo n'kukaipereka m'dzanja la mwini wake osaitafuna ngakhale pang'ono. Kwanu ku Norfolk ndi dziko la partridge, mbalame yofanana ndi nkhwali yathu, imene amasaka kuyambira pa 1 Seputembala, ndi pheasant, ya mchira wautali, kuyambira pa 1 Okutobala. Zonse ziwiri nyengo yake imatseka pa 1 Febuluwale. Galu wotere amatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo kuti apsye pa ntchito, ndipo mwana wa zaka 13 amene amapirira nazo zimenezi Loweruka ndi Loweruka si waulesi ayi.

Achemwali anu anena zoona, koma pali njira yolakwika yochitira zimene anenazo, ndipo ndi imene anthu ambiri amathamangira. Amatenga samu yomweyo ya m'buku n'kungosintha malalanje kukhala agalu: galu ali ndi mafupa 12, wadya 1/3, atsala angati? Kumeneko n'kupaka shuga pa kwinini. Mwana wamsinkhu umenewo amazindikira msanga kuti mukumunyengerera, ndipo mapeto ake amayamba kubisa za agalu zija kuti musaziipitse. Muyambire pa mafunso amene iye ndi bambo aja amakangana kale, mafunso amene sangayankhidwe popanda kuwerenga.

Loyamba ndi mtundu wa ubweya. Labrador amakhala wakuda, wachikasu kapena wa chokoleti, ndipo funso loti galu uyu akadzabereka ana ake adzakhala otani, mwana wanu analifunsapo kale, sindikukayika. Yankho lake ndi masamu a mwayi, aja kusukulu amati probability. Mtunduwu umalamulidwa ndi ma gene, tizinthu timene mwana amatengera kwa makolo ake, a malo awiri. Pa malo oyamba pamakhala B wamkulu, wopereka kuda, kapena b wamng'ono, wopereka chokoleti. Galu aliyense ali ndi zilembo ziwiri pamenepo, china chochokera kwa mayi wake china kwa bambo wake, ndipo B mmodzi yekha amakwanira kuphimba b. Kuti galu akhale wa chokoleti ayenera kulandira b mbali zonse ziwiri. Pa malo achiwiri pali E ndi e. Galu akalandira e kawiri, utoto wakuda kapena wa chokoleti uja sufika n'komwe mu ubweya, ndiye amakhala wachikasu, kaya pa malo oyamba paja pali chiyani.

Tsopano tengani agalu awiri akuda, aliyense ali ndi BbEe, kutanthauza kuti maonekedwe ndi akuda koma mitundu ina ija aibisa m'magazi. Mwanayo ajambule tebulo la mabokosi 16, anayi m'litali anayi m'lifupi. Pamwamba alembe zimene wamwamuna angapereke, zomwe ndi BE, Be, bE ndi be, m'mbali alembe zomwezo za wamkazi, kenako adzaze mabokosiwo. Apeza mabokosi 9 a ana akuda, 3 a chokoleti, 4 a achikasu. Mafulakishoni mukuti amamusokoneza aja ndi amenewa: 9/16, 3/16, ndi 4/16 imene ayenera kuona yekha kuti ndi chimodzimodzi ndi 1/4. Akamaliza mumufunse chifukwa chake agalu awiri achikasu sangabereke mwana wakuda ngakhale atabereka kakhumi. Kenako mumufunse lovutirapo: zingatheke bwanji kuti wachikasu ndi wa chokoleti abereke ana akuda okhaokha? Zimatheka, ngati wachikasuyo ndi BBee ndipo wa chokoletiyo ndi bbEE. Yankholi mulisunge, musamuuze. Avutike nalo masiku atatu ngati kuli kofunika.

Apa ndiye pakubwera phunziro limene ngakhale akuluakulu oweta agalu ambiri sanalimvetse. Tikati mwayi wa mwana wachikasu ndi 1/4, sitikutanthauza kuti mwa ana 8 obadwa pamodzi awiri adzakhala achikasu. Mupatseni ndalama zachitsulo zinayi, ziwiri zikhale za bambo ziwiri za mayi, imodzi ya B ina ya E mbali iliyonse. Nkhope ya mfumu ikhale chilembo chachikulu, mbali inayo chaching'ono. Akaponya zinayizo kamodzi, mwana wagalu mmodzi wabadwa. Aponye kasanu ndi katatu, bere limodzi latha, alembe mitundu yake. Achite mabere 20, ana onse akhale 160. Adzadabwa kuona kuti bere lina mulibe wachikasu ndi mmodzi yemwe, lina muli anayi. Pamasamu ake, mwayi woti mwa ana 8 musakhale wachikasu ndi 3/4 kuichulukitsa ndi iyo yomwe ka 8, ndipo yankho ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo 10. Achikasu awiri enieni, amene aliyense akuyembekezera aja, amachitika pafupifupi ka 31 pa 100 basi, osafika n'komwe pa gawo limodzi mwa atatu. Koma akaphatikiza ana onse 160, adzaona manambala akuyandikira 90 akuda, 30 a chokoleti, 40 achikasu. Bere limodzi limanama, mabere ambiri amanena zoona. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno amene anatulukira malamulo amenewa n'kuwasindikiza mu 1866, anachita kuwerenga mbewu za nsawawa zikwi ndi zikwi pa chifukwa chomwechi.

Pali chinanso chimene ndalama zachitsulo zimaphunzitsa bwino kuposa ine. Ana atatu oyamba akatuluka akuda, mtima umati wachinayi ndiye wachikasu basi. Ayi. Ndalama sikumbuka zimene inachita. Mwayi ndi 1/4 womwewo. Mwana amene wamvetsa zimenezi pa zaka 13 ndi wovuta kumubera pa juga ya pafoni akadzakula, ndipo inu mukudziwa mmene njuga za mpira zatengera anyamata athu, kuno ndi komweko.

Funso lachiwiri ndi la mfundo za m'chiuno. Ma Labrador ambiri amavutika ndi mfundo yosakhazikika bwino, imene imawapundula akamakula. Ku Britain, bungwe la madokotala a ziweto la British Veterinary Association pamodzi ndi Kennel Club, bungwe lolembetsa agalu, ali ndi ndondomeko yakale yoyeza vutoli. Galu akakwanitsa chaka amamujambula ekisile, ndipo akatswiri amapereka malikisi pa mfundo iliyonse kuyambira 0 mpaka 53, zonse ziwiri pamodzi mpaka 106. Pano malikisi ochepa ndiye abwino. Bambo aja ayenera kuti ali ndi mapepala amenewa a agalu awo, ndipo pa tsamba la intaneti la Kennel Club munthu aliyense angalembe dzina lolembetsedwa la galu n'kuona zotsatira zake. Mwana wanu poti amadziwa makolo ndi agogo a agaluwo pamtima, ali kale ndi mayina oti afufuze.

Tiyerekeze kuti wapeza agalu 9, malikisi awo ndi 6, 7, 8, 8, 9, 10, 11, 12 ndi 64. Akaphatikiza n'kugawa ndi 9 apeza avereji ya 15. Koma taonani, agalu 8 mwa 9 ali pansi pa 15. Galu mmodzi wodwalitsitsa uja wakokera avereji m'mwamba, moti galu wa malikisi 14 angaoneke ngati wabwino pamene ndi woipa kuposa pafupifupi anzake onse. Akawandandalika n'kutenga nambala yapakatikati, ija amati median, apeza 9, ndipo imeneyi ndi imene ikunena zoona za gululo. N'chifukwa chake madokotalawo amalangiza oweta kuti aziyerekeza galu wawo ndi median ya mtundu wake. Ine ndaphunzitsa kusiyana kwa avereji ndi median zaka zoposa 20, ndipo sindinapezepo chitsanzo choposa ichi, chifukwa pano kulakwitsa kumabala ana agalu opunduka. Mumufunsenso kuti: ngati mwini galu waona kuti ekisile yatuluka yoipa ndiye osaitumiza kukapatsidwa malikisi, manambala a mtundu wonse aoneka bwanji? Akayankha kuti aoneka abwino kuposa mmene zinthu zilili, ndiye kuti wagwira chinthu chimene ena amakachimvera ku yunivesite.

Ndikupatseninso nkhani imodzi yoti akatsutsane ndi bambo aja. Mu 2018 akatswiri anasindikiza kafukufuku wochokera m'mabuku a zipatala za ziweto za ku Britain, kudzera mu ndondomeko ya VetCompass ya Royal Veterinary College, wokhudza ma Labrador oposa 33,000. Anapeza kuti a chokoleti ankakhala ndi moyo zaka 10.7 pamene a mitundu ina ankafika 12.1, ndiponso ankadwala makutu ndi khungu kawirikawiri. Funso ndi lakuti, kodi utoto wa chokoleti ndi umene ukufupikitsa moyo? Ofufuzawo anaganiza zina. Poti b ndi wobisika, wofuna ana a chokoleti okhaokha amakweretsa agalu ochepa omwewo amene ali naye, ndipo matenda a m'banja limenelo amayenda limodzi ndi mtunduwo. Zinthu ziwiri kuyendera limodzi sikutanthauza kuti china chikuyambitsa chinzake. Mwana alembe yekha zifukwa zitatu zimene zingachititse kusiyanaku, ndi mmene angayesere chilichonse.

Zonsezi ndi manambala a anthu ena. Chimene chidzamusinthe ndi manambala akeake, choncho mugulireni kope la chikuto cholimba, lokwana m'thumba la jekete, ndi pensulo, chifukwa bolopeni imakana pepala likanyowa. Pophunzitsa agalu sagwiritsa ntchito mbalame zenizeni, amaponya kapena kubisa kathumba ka kanvasi kolemera pafupifupi theka la kilogalamu, kamene amati dummy. Bambo aja adzamuuza kuti galu amapeza msanga akamalowera komwe mphepo ikuchokera, chifukwa fungo limabwera lokha kumphuno. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ndikukhulupirira kuti akunena zoona. Koma msanga wake ndi masekondi angati? Palibe anayezapo pa agalu anayi amenewo. Mwana wanu akhale woyamba. Abise dummy pa mtunda wa mapazi ofanana nthawi zonse, ayeze nthawi ndi wotchi ya pafoni, maulendo 20 mphepo ikuwomba kumaso kwa galu, 20 ikuchokera kumbuyo, m'masabata angapo.

Adzakumana ndi mavuto, ndipo mavutowo ndiwo phunziro. Akayamba ndi za mphepo ya kumaso nthawi zonse, galu adzakhala atatopa pofika zinazo, ndiye sadzadziwa ngati chachedwetsa ndi mphepo kapena kutopa. Akamabisa malo amodzimodzi, galu adzaloweza malowo. Mankhwala ake ndi ndalama yachitsulo ija: aziponya kuti isankhe choyambira, iye asasankhe. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Ronald Fisher, amene kuyambira 1919 ankagwira ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku Hertfordshire, poyesa feteleza m'minda, ndipo ndi yomweyo imene amayesera mankhwala atsopano a anthu lero. Akamaliza ajambule magulu awiriwo pa galafu imodzi, apeze median ya gulu lililonse, aonenso kuti nthawi zatalikirana bwanji. Galu wina amapeza pa masekondi 40 pafupifupi nthawi zonse, wina lero 15 mawa 90. Mumufunse kuti atapatsidwa mmodzi angasankhe uti. Median, range, box plot, tree diagram, zonsezi zili pa silabasi ya mayeso a GCSE amene akalembe kumapeto kwa Year 11.

Tsopano za kulemba, zimene kwa ine ndi zazikulu kuposa masamu.

Mumufotokozere nkhani ya Golden Retriever. Kwa zaka zambiri anthu ku Britain ankakhulupirira kuti mtundu umenewu unachokera kwa agalu a ku Russia ochita masewero mu circus, amene Sir Dudley Marjoribanks, yemwe pambuyo pake anadzakhala Lord Tweedmouth, anawaona ku Brighton n'kuwagula. Nkhani yokoma, ndipo inalowa m'mabuku. Koma bamboyo ankasunga kope la agalu ake onse kuyambira 1835 mpaka 1890. Mu 1952 mbale wake wina, Earl of Ilchester, anatulutsa zimene zinali m'kopemo m'magazini ya Country Life, ndipo munalibe galu wa ku Russia aliyense. Munali galu wachikasu dzina lake Nous ndi wamkazi wa mtundu wa Tweed Water Spaniel dzina lake Belle, amene anabereka mu 1868 pa esiteti ya Guisachan ku Scotland. Nthano imene inayenda pakamwa zaka makumi angapo inagwetsedwa ndi kope la munthu mmodzi amene ankalemba tsiku ndi dzina. Mwana wanu adziwe kuti kope mukumugulira lija ndi la mtundu umenewo.

Ana ambiri amene amalemba mizere isanu n'kuima si kuti alibe mawu. Amapatsidwa mitu imene sadziwapo kanthu, ndiye amatha msanga. Lamulo limene ndinkapatsa ana anga ndi limodzi: tsamba lililonse aligawe pakati, kumanzere alembe zimene waona, kumanja zimene akuganiza. Kumanzere sikuloledwa kulemba kuti galu anachita ulesi. Alembe kuti galu anaima kawiri, anayang'ana kumbuyo, wezulo inalira katatu asanakhale pansi. Ulesi upite kumanja, pamodzi ndi zifukwa zina zimene zingakhalepo, monga minga kuphazi kapena fungo la kalulu. Mwana amene wazolowera kusiyanitsa ziwirizi amalemba bwino nkhani ya mbiri, lipoti la sayansi, ngakhale kalata yofunsira ntchito. Ndipo mudzaona kuti mizere isanu siyikwaniranso, chifukwa zimene waona zokha zimadzaza tsamba.

Apa pali ntchito yanu, Mayi, ndipo kusadziwa kwanu za agalu ndiko kukuthandizeni. Mumuuze alembe malangizo a mmene munthu angatumire Labrador kukatola dummy, kuyambira poimirira mpaka polandira. Kenako mupite naye kwa bambo aja, mutenge pepalalo, muchite zokhazo zimene zalembedwa, osawonjezera. Ngati sanalembe kuti galu akhale kumanzere kwanu, musamuike kumanzere. Ngati sanalembe dzanja loti muloze nalo, muime chilili. Paliponse pamene mwasokonezeka, pamenepo pakusowa chiganizo, ndipo adzachiona yekha popanda munthu kumulembera ndi inki yofiira. Akalembenso, mudzayesenso sabata yotsatira. Ndi mmene mwana amaphunzirira kuti kulemba kuli ndi munthu mbali inayo.

Akakhwima pang'ono, mumupatse chovuta. Ku Britain anthu amakangana kwambiri za kusaka kumeneku. Chaka chilichonse ma pheasant mamiliyoni makumi angapo amaleredwa m'makola n'kumasulidwa kuti akawomberedwe. Mabungwe oteteza mbalame monga RSPB amadandaula ndi mmene kuchuluka kotereku kumakhudzira zamoyo zina, pamene bungwe la alenje la BASC limanena za ntchito za anthu akumidzi ndi nkhalango zimene maesiteti amasamalira. Mwana wanu ali kale ndi mbali yake. Ayambe walemba mbali imene sagwirizana nayo, ailembe mwachilungamo moti mwini maganizowo atawerenga avomere, kenako alembe yake. Mayeso a Chingerezi a GCSE ali ndi funso lolemba maganizo ako pa nkhani yokangana, ndipo amene amakhoza ndi amene amadziwa zonena za mnzake.

Ngati agogo ake aamuna alipo kumudzi, awaimbire pa WhatsApp awafunse za uzimba: agalu ankawasankha bwanji ali ana, ankawapatsa mayina otani, ankagawana bwanji nyama, galu amene wagwira ankapatsidwa chiyani. Alembe zimenezo m'Chichewa, m'kope lomwelo, ngakhale chikhale chothyokathyoka. Inu mukuti kwathu galu ndi mlonda chabe, koma akuluakulu athu ambiri ankadziwa galu wosaka bwino kwambiri, ndipo ndikukayika ngati pali mdzukulu wina amene anawafunsapo.

Za mfuti musazinyalanyaze, ndipo musachite manyazi kuzifunsa. Pitani kwa bambo aja nokha, mukhale nawo pansi, muwafunse kuti mwanayo amaima pati tsiku losaka, amayang'aniridwa ndi ndani, amavala zoteteza makutu kapena ayi, ndi nthawi yobwerera. Otola mbalame amaima kumbuyo ndithu kwa owombera, ndipo ambiri a iwo sanyamula mfuti n'komwe, manja awo ndi a wezulo ndi zingwe za agalu. Lamulo la kumeneko silola mwana wosakwana zaka 15 kukhala ndi mfuti ya shotgun yolumikiza popanda womuyang'anira wa zaka 21 kapena kuposerapo, koma lamulo lanu likhoza kukhala lolimba kuposa pamenepo: asakhudze mfuti mpaka inu mutavomera. Munthu wabwino sangakhumudwe ndi mafunso amenewa. Akakhumudwa, pamenepo ndiye mudere nkhawa. M'miyezi yotentha kumakhala mipikisano yotchedwa working test, ya ma dummy okhaokha popanda kupha mbalame, ndipo ndi malo abwino oti mupite naye mukaone ndi maso anu chimene chamutenga mtima.

Ndisakunamizeni, agalu sadzamuphunzitsa zonse. Algebra ndi ma angle adzafunika kukhalira pansi ndi buku monga mwana wina aliyense. Chimene ndikuyembekezera n'chakuti akadzaona kuti mutu wake umagwira masamu pa chinthu chimodzi, adzasiya kudzitcha mbuli pa zinazo, chifukwa ana ambiri olephera masamu anagonja kale mumtima asanatsegule buku. Kaoneni aphunzitsi ake a masamu, muwaonetse tebulo la mabokosi 16 lija akalimaliza, ndipo mufunse ngati sukuluyo imalembetsa GCSE ya Statistics payokha, poti masukulu ena amatero. Komanso musasandutse Loweruka lililonse kalasi. Masiku ena apite opanda kope, akangokhala ndi agalu. Galu wake musamugulire msanga, makamaka ngati muli m'nyumba ya lendi. Anayi a bambo aja akukwanira.

Sabata ino mugule kope ndi pensulo, mupeze ndalama zachitsulo zinayi. Pa chakudya chamadzulo mumufunse ngati munthu wofunadi kudziwa, poti simukudziwadi, kuti agalu awiri akuda angabereke bwanji mwana wachikasu, ndipo mumusiye afotokoze mpaka atathera. Nyengo ikadzatseka pa 1 Febuluwale mudzandilemberenso, kapena adzalembe yekha. Ndikufuna kudziwa kuti mwa ana 160 aja achikasu anatuluka angati, ndi kuti mphepo inasiyanitsa masekondi angati.